Manja akundidzutsa usiku, kodi ndi shuga yomweyi?

Amake Mapasa (Kapata), Lachiwiri 03:12
Odi kuno abale. Pepani polemba usiku chonchi, tulo tandithawa. Masabata atatu tsopano manja akumandidzutsa cha m'ma 2 koloko. Amayamba dzanzi, kenako kubayabaya ngati munthu akundizika tisingano m'zala. Ndikadzuka n'kuwakutumula ngati ndikuwaza madzi, pakapita kanthawi amasiya. Dzulo ndagwetsa kapu ya tiyi osadziwa kuti yachoka m'manja. Shuga anandipeza nayo mu 2016, ndimamwa metformin m'mawa ndi madzulo. Kodi ndiye kuti yayamba kudya mitsempha? Ndili ndi mantha, amalume anga anayamba kudandaula dzanzi, mapeto ake anadulidwa mwendo.

Mlonda wa Usiku 03:20
Takuonani amayi, simuli nokha, ife tili maso pa geti pano ndi kambaula kathu. Zanga ine ndi za kumapazi, amatentha ngati ndaponda phulusa la moto, makamaka ndikangokhala pansi. Dikirani kuche, anamwino athu akadzuka akuyankhani. Musayambe kudzidula mwendo m'maganizo usiku uno.

Amake Mapasa (Kapata) 03:24
Kuche liti abambo, 4 koloko ndiyamba kukanda ufa wa vitumbuwa. Za tulo zatha basi.

Mayi wa Chigwirizano 05:51
Mwadzuka bwanji asisi. Amenewo ndi magazi sakuyenda chifukwa cha chisanu cha Juni. Wiritsani madzi, thiranimo mchere, muviike manja ndi mapazi musanagone. Ine zimandithandiza. Tikukuikani m'mapemphero.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 06:38
Mwadzuka bwanji nonse. Amayi a Chigwirizano, mapemphero tilandira, koma za madzi otentha ayi, ndibweranso pamenepo. Amake Mapasa, ndiyankheni zitatu izi. Ndi zala ziti kwenikweni zimene zimachita dzanzi, zonse kapena zina? Ndi manja onse awiri? Nanga kumapazi kuli bwanji?

Amake Mapasa (Kapata) 07:15
Ndadzuka anamwino, kaya inu. Mwandifunsa chinthu chimene sindinachiganizepo. Ndi chala chachikulu, mkombaphala ndi chapakati. Kachala kakang'ono sikachita nawo. Manja onse, koma lamanja ndiye lanyanya. Kumapazi kulibe vuto, sindimva kanthu.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 07:49
Pa foni sindingakupimeni, koma zimene mwafotokozazi ndinazimva kambirimbiri ndili pa ntchito. Ndiyambe ndi mawu akuti mitsempha, chifukwa amatisokoneza, timatchula nawo zinthu ziwiri. Pali yoyendamo magazi, ndiye pali ina yoyera ngati ulusi imene imanyamula uthenga: apa patentha, apa ndaponda munga. Shuga ikakhala yokwera zaka zambiri imawononga yonyamula uthengayi, pamodzi ndi timitsempha ta magazi ting'onoting'ono timene timaidyetsa. Mwa anthu a shuga, pafupifupi theka amadzakumana nalo vutoli.

Komatu lili ndi kayendedwe kake. Limayambira kumene mtsempha uli wautali kwambiri, ndiye kuti ku zala za kumapazi, mapazi onse awiri, n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi. Kawirikawiri limafika m'manja litakwera kale mpaka cha m'mawondo, ndipo likafikako limagwira nsonga za zala zonse, silisankha.

Zanuzi zasankha zala zitatu n'kusiya kakang'ono. Pamene timavala wotchi paja pali kanjira kopapatiza, pansi ndi m'mbali mafupa, pamwamba chingwe cholimba. M'menemo mumadutsa mtsempha umodzi wopita ku chala chachikulu, mkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kanjirako kakathina, mtsempha umapanikizika. Madokotala amati carpal tunnel syndrome. Amadwala ngakhale opanda shuga, amayi oyembekezera, atelala, osenda nsawa tsiku lonse, koma a shugafe imatipeza kwambiri kuposa anzathu. Usiku imanyanya chifukwa tikagona timapinda manja, ena timawatsamira kumene. N'chifukwa chake mukawakutumula amasiya. Kukanda ufa tsiku ndi tsiku nakonso sikuthandiza.

Yesani izi: gundanitsani kumbuyo kwa manja anu pachifuwa, zala ziloze pansi, mukhale choncho mphindi imodzi. Dzanzi lija likabwera m'zala zomwezo, mukawauze a kuchipatala.

Amake Mapasa (Kapata) 08:02
Mayo ine! Sinakwane n'komwe mphindi, labwera. Ndiye kuti si shuga?

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 08:10
Sindinatero. Ndati mwina si kuwonongeka kuja mukukuopaku, ndipo uku kuli ndi chithandizo chabwino. Koma pali mawu amene mwalemba omwe andikhalitsa tsonga. Mwati kumapazi "sindimva kanthu". Sindimva kanthu ilipo iwiri. Pali ya munthu amene alibe vuto, ndiye pali ya munthu amene phazi lake lasiya kumuuza. Manja okudzutsani usikuwa ndi aphokoso chabe. Amalume anu mwendo sunapite chifukwa cha phokoso, ndikhulupirira unapita chifukwa cha chilonda chimene sanachimve.

Aphunzitsi a ku Chadiza 10:31
Ndili pa break, ndilembeko za abambo anga chifukwa zimene anena anamwinozi tinaziona ndi maso. Chaka chatha mu Julayi, chisanu chija chimaluma chija, abambo anakhala pakhonde madzulo akuotha mbaula. Anali atavula nsapato, mapazi atayandikiza kumoto monga amachitira masiku onse. Tinali kucheza bwinobwino, iwo akuseka, wailesi ili pa Breeze. Mwana wanga wamng'ono ndiye anati, "Agogo, phazi lanu likununkha ngati nkhuku yowawula." Titayatsa tochi tinapeza chala chachikulu chatsamira pa chitsulo cha mbaula, khungu layera mbuu, thuza lalikulu ngati dzira la nkhunda. Iwo sanamve chilichonse. Anatikalipira kuti tikuchita phokoso pa kanthu kakang'ono.

Chinatipweteka ndi chakuti tinawamvera. Amayi anapaka mankhwala otsukira mano, anamanga kansalu, tinakhala masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi phazi linali litatupa mpaka mu kakolo, fungo lake simungakhale m'nyumba. Anagonekedwa masabata atatu, chala chinachoka. Phazi linapulumuka, tithokoze Mulungu, koma pano kumunda sapitanso ngati kale. Ndipo munthu ameneyu anali asanadandaulepo za mapazi. Ankangoti akamayenda amamva ngati waponda thonje, ife n'kumaseka.

Mlonda wa Usiku 11:05
Aphunzitsi mwandidzutsa ndi nkhani yanuyi. Ine usiku wonse mbaula imakhala pakati pa miyendo.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 11:22
Abambo a pa geti, mbaula ikhale patali, valani masokosi awiri ndi jombo. Ndi chifukwa chomwechi ndinakana za madzi otentha m'mawa muja. Phazi kapena dzanja la dzanzi silidziwa kuti madzi awa ndi owira. Madzi osamba muziyesa ndi chigongono. Kuviika mapazi nthawi yaitali kumafewetsa khungu n'kulisiya long'ambika, ndiye tizilombo tapeza khomo. Aphunzitsi, pepani ndi za abambo. Chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga sichigona m'nyumba, chikaoneka lero, kuchipatala ndi lero kapena mawa m'mamawa.

Mayi wa Chigwirizano 11:30
Ine ndimachita zaka zonsezi sindinapsepo.

Aphunzitsi a ku Chadiza 11:33
Abambo anganso anaotha mbaula zaka makumi asanu ndi limodzi asanapse, amayi.

Wakabaza wa pa Saturday Market 12:47
Ndilowererepo. Ine zanga ndi zosiyana ndi za amayiwa. Ndi kachala kakang'ono ndi kotsatira kake, dzanja lamanzere. Ndikapalasa tsiku lonse, makamaka ndikanyamula matumba a makala kuchokera cha ku Mwami, madzulo timakhala ngati si tanga. Usiku ndimadzuka tili zii. Shuga anandipeza chaka chatha chomwechi.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 13:15
Achimwene, umenewo ndi mtsempha wina. Ndi uja ukagunda chigongono pa khomo umamva ngati magetsi mpaka ku kachala kakang'ono. Umapanikizika pa chigongono ngati mumagona mutapinda mkono kwambiri, kapena m'chikhatho ngati mumatsamira handulo maola ambiri pa msewu wa mabampu. Kulungani handulo ndi mphira kapena nsalu yochindikala, muzisinthasintha kagwiridwe, ndipo usiku mangani thaulo mozungulira chigongono kuti mkono usapindike. Koma nanunso mukavule nsapato kuchipatala. Shuga ya akuluakuluyi imatha kukhala m'thupi zaka zambiri isanapezeke, ndiye ena tsiku limene akuwapeza nayo mitsempha imakhala itayamba kale kuwonongeka. N'chifukwa chake mapazi amayenera kupimidwa tsiku lomwe mwapezeka nayo, kenako kamodzi chaka chilichonse.

Wakabaza wa pa Saturday Market 13:19
Ine sanandivulitsepo nsapato. Amangobaya chala, kulemba m'buku, kupereka mankhwala, wotsatira.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 13:26
Ndikudziwa, mzere umakhala wautali ndipo wopima ndi mmodzi. Nzeru yake ndi iyi: mukangolowa, vulani nokha nsapato ndi masokosi asanakufunseni, mukhale pansi mapazi ali poyera. Palibe amene angakuuzeni kuti valani. Ali ndi kachingwe ngati ka mbedza yophera nsomba, amati monofilament, amakakanikiza kunsi kwa phazi mpaka kapindike, mphamvu yake ndi magalamu 10 okha, inu mutatsinzina. Ngati kulibe, amatha kungokhudza nsonga za zala zanu ndi chala chawo mopepuka. Sizitenga mphindi zisanu.

+260 ••• 14:02
*Uthenga uwu wachotsedwa ndi Admin.*

Admin 14:05
Amene mwalowa dzulo ndi botolo lanu "lotsuka mitsempha m'masiku 7", pano si pa msika. Tinagwirizana kuti palibe kugulitsa mankhwala pa gulu lino. Mukabwereza ndikutulutsani.

Agogo a ku Mchini 14:40
Ndi mdzukulu wawo ndikulemba, agogo akuti ndinene momwe akunenera. Akuti kale dzanzi lotere tinkati munthu waponda kapena wagwira zoipa, ndipo ankatemera mphini pa mfundo n'kupaka mankhwala. Akuti iwo anatemeredwa manja onse ndipo anapeza bwino. Akuti ana a masiku ano mumanyoza zonse za makolo.

Mnyamata wa ku Koleji 14:48
Agogo, zimenezo ndi zabodza, palibe umboni uliwonse.

Abambo a ku Katete 15:03
Iwe mnyamata, akulu sayankhidwa choncho. Agogo, takumvani. Ine za makolo sindinyoza, chammwamba ndimadya ngati ndiwo, ndipo ndimakonda. Koma mphini pa thupi la munthu wa shuga ndakana. Lezala limodzi, phulusa la mankhwala pa bala, khungu loti silipola msanga. Ndinaona mnzanga wa ku Mkaika mwendo utatupa ngati mtondo chifukwa cha timphini tinayi. Ndipo chimene chimatipha kwenikweni si chitsamba ayi, ndi kusiya mapiritsi chifukwa tayamba chitsamba.

Agogo a ku Mchini 15:20
Akuti nthawi imene anatemeredwa analibe shuga. Akuti basi asiya pomwepa, apite akaone nyemba pamoto.

Mnyamata wa ku Koleji 15:31
Pepani agogo, ndinalankhula mothamanga. Koma pali chinthu chimene sichinatchulidwe. Amake Mapasa amwa metformin kuyambira 2016. Mankhwalawa akamwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamin B12 m'thupi mwa anthu ena, ndipo B12 ikachepa imabweretsa dzanzi lomweli m'mapazi ndi m'manja. Mayi anga zinawachitikira.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 15:52
Apa mwana walasa. Ndi zoona, ndipo kumakhala kulakwa kunena kuti "ndi shuga basi" osayeza zimenezi, chifukwa kuchepa kwa B12 kumachiritsika ndi jakisoni kapena mapiritsi, koma kukachedwa kumasiya chilema. Pamene amatha kuyeza magazi pemphani akuyezeni. Chonde pasapezeke wosiya metformin chifukwa cha uthenga uwu, ndi mankhwala abwino. B12 imapezeka mu nyama, nsomba, kapenta, mazira ndi mkaka. Mu chiwawa ndi kalembula mulibe, ngakhale mudye poto wathunthu.

Mlamu wa ku Kasama 16:04
Ndiye akum'mawa simungasowe B12, ndi mbewa zonse zija mumatha m'minda muno. Amake Mapasa onjezani ziwiri pa tsiku, muchira 😂

Abambo a ku Katete 16:07
Taonani wodya anyani walowa. Mlamu, inu munabwera kudzakwatira kuno chifukwa cha mbewa zomwezo.

Amake Mapasa (Kapata) 16:15
Mwandiseketsa ndili pa msika anthu akundiyang'ana. Nanga aja a Neurobion? Mnzanga wa pa benchi amamwa tsiku lililonse chaka chonse, akuti ndi a mitsempha.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 16:33
Muli B1, B6 ndi B12. Amathandiza ngati vuto ndi kuchepa kwa mavitamini amenewo. Ngati mtsempha wapanikizika pa dzanja, mungamwe katoni yonse, kanjira kaja sikakula. Ndiponso B6 ikachuluka m'thupi kwa nthawi yaitali, yokhayo imawononga mitsempha n'kubweretsa dzanzi lomwe mukuthawalo. Mnzanuyo akafunse kuchipatala ngati akufunikadi kupitiriza.

Abambo a ku Katete 17:41
Poti tafika pa B6, ndinene zanga, ndilibe nazo manyazi. Ine dzanzi la kumapazi ndili nalo kuyambira kale shuga isanabwere. Ndili pa ma ARV zaka zambiri, ndinayamba nthawi ya stavudine, amene anaphwanya mapazi a anthu ambiri mpaka anawachotsa. Achinyamata simukuwadziwa, a masiku ano ndi ena. Kenako ndinadwala TB, miyezi 6 ya mankhwala, ndipo mwa mankhwalawo muli isoniazid amene naye amaluma mitsempha. Amapereka kapiritsi kakang'ono ka pyridoxine kuti katchinjirize, ndiyo B6 yomweyo, koma ine ndinkakataya poganiza kuti mapiritsi achuluka kale. Pamwamba pa zonsezi ndinali kumwa kachasu ngati madzi. Shuga itabwera inapeza nyumba yogumuka kale. Ndiye mukapita kuchipatala nenani zonse, mankhwala onse amene mumamwa, mowa, fodya. Dokotala si mng'anga woti aombeze. Mowa ndinasiya zaka zinayi zapitazo. Dzanzi silinathe, koma linaima pamene linafika.

Mlonda wa Usiku 18:10
Abambo mwalankhula ngati mwamuna. Ndifunse, kodi zimatha? Kapena ndi mpaka kumanda?

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 18:44
Ndikuuzeni zoona. Mtsempha umene shuga yauwononga kale kawirikawiri subwerera mwakale. Chimene tingathe ndi kuletsa kuti zisapitirire, ndi kuchepetsa ululu. Kuletsako ndi shuga, BP ndi mafuta a m'magazi kukhala m'malo mwake, ndi kusiya fodya ndi mowa. Kubaya chala m'mawa kumangokuuzani za nthawi yomweyo. Pali kuyeza kwina, HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga yayendera miyezi itatu yapitayi, ndipo kwa anthu ambiri amafuna ikhale cha pa 7 peresenti. Imeneyo sinamizika ndi kusala nsima dzulo lake la sikelo, ndikudziwa alipo pano amatero.

Za ululu, mankhwala alipo, monga amitriptyline, gabapentin, pregabalin, koma ndi olemberedwa ndi dokotala, chifukwa amayang'ana mtima, impso ndi zaka zanu. Chimene ndikukupemphani, lekani kugula brufen ndi diclofenac pa kantemba n'kumamwa usiku uliwonse. Pa ululu wa mitsempha sathandiza kwenikweni, ndipo amapweteka impso zimene shuga ikuzivutitsa kale.

Mlonda wa Usiku 18:58
Amitriptyline anandipatsapo. Moto wa kumapazi unachepadi. Koma ndinamwa 20 koloko monga analembera, bwana anandipeza ndili mkonono pa mpando, galimoto ikuliza hutala pa geti. Kukamwa kunali gwa ngati ndatafuna mgaiwa wouma. Ndinasiya.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 19:06
Munawauza kuti mumagwira ntchito usiku?

Mlonda wa Usiku 19:07
Sanafunse.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 19:11
Bwererani mukawauze. "Usiku" wanu inu ndi m'mawa mukaweruka. Angasinthe nthawi yomwera, kapena muyeso, kapena mankhwala.

Ndisanapite kukaphika, ziwiri izi musazisokoneze ndi zimene takambirana tsiku lonseli. Dzanzi likabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, mkono n'kufooka, kamwa kupotoka, mawu kusokonekera, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Musalembe pa gulu, musadikire kuche, pezani galimoto. Chachiwiri, mukadzuka usiku milomo ikunyerenyetsa, thukuta, kunjenjemera, mtima ukugunda, makamaka inu a insulin ndi glibenclamide, mwina shuga yatsika. Ngati muli ndi kamakina yezani, ikakhala pansi pa 4 imwani madzi a shuga masupuni atatu, kenako mudye kanthu. Ngati mulibe kamakina, imwanibe.

Mlamu wa ku Kasama 19:30
Zoseka pambali, akazi anga zinawachitikira zimenezi. Anamwa mankhwala osadya chifukwa tinali pa maliro ku Mtenguleni. Pakati pa usiku ananyowa thukuta ngati awathira madzi, akulankhula zosamveka, anthu ayamba kale kunena za mizimu ya malemu. Mlongo wawo ndiye anathamangira shuga wa tiyi. Pano m'chikwama mwawo simusowa maswiti.

Mayi wa Chigwirizano 19:52
Ndiye tizidya chiyani kuti isakwere? Nsima atiletsa, thobwa atiletsa.

Abambo a ku Katete 20:01
Nsima sanaletse, analetsa phiri. Ine mitanda inali inayi, pano umodzi ndi theka wa mgaiwa, ndiwo zamasamba zambiri. Thobwa ndi maheu ndiye ndinatsanzikana nazo.

Admin 20:04
Nkhani ya nsima tinakangana sabata yonse mwezi watha, pitani mukawerenge m'mwambamo. Lero tili pa manja a Amake Mapasa.

Amake Mapasa (Kapata) 20:40
Zikomo nonse. Sikelo yanga ndi Lachinayi sabata ya mawa, koma ndipita mawa lomweli. Anamwino, ndikanene chiyani kuti asangondipatsa panado?

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 20:55
Nenani monga munandiuzira ine: zala zitatu, usiku, masabata atatu, kapu inagwa. Za kapuyo musaiwale. Muwaonetse mnofu uwu wa pansi pa chala chachikulu, aone ngati wayamba kuphwa, chifukwa ukaphwa ndiye kuti mtsempha wapanikizika kwambiri ndipo sitidikiranso. Nyamulani mankhwala onse m'kathumba. Ndipo nsapato, mwamva kale.

Amake Mapasa (Kapata), Lachitatu 15:26
Ndabwerako abale. Ndinafika 6 koloko, ndalowa cha m'ma 11. Nditangokhala pansi ndinavula patapata n'kukweza mapazi, adokotala achinyamata anaseka, akuti amayi mwaphunzitsidwa ndi ndani. Za manja akuti ndi zomwe ananena anamwino. Anagogoda pamene timavala wotchi paja, magetsi anathamanga mpaka ku mkombaphala. Mnofu sunaphwe. Akuti ndizivala chomangira dzanja usiku kuti lisapindike, ndikaonekenso pakatha masabata 6. Zikakanika pali jakisoni wa pomwepo, koma akuti amakweza shuga kwa masiku angapo, ndipo zikakanikabe pali opaleshoni yaing'ono yomasula kanjirako.

Koma za mapazi. Ananditsinzinitsa, n'kumati mukamva nenani. Ine ndili phee kudikira kuti ayambe. Kenako akuti tsegulani maso. Anali atakhudza kale zala ziwiri za phazi lamanzere ndi chimodzi cha lamanja, ine osamva. Ndinangoti kakasi. Anapezanso chikang'a chakuya ku chidendene chimene sindinkachidziwa, choti mungalowetsemo njere ya mpunga. Shuga inali 11 ndisanadye. Atenga magazi, zotsatira sabata ya mawa, ndipo akuti mwina awonjezera mankhwala.

Ndinalira pang'ono pa minibasi, ndisaname.

Aphunzitsi a ku Chadiza 15:40
Lirani amayi, koma inu mwadziwa phazi lili lathunthu. Ife tinadziwira pa mbaula.

Anamwino Opuma (Kalongwezi) 16:02
Mwachita bwino mwana wanga. Tsopano ntchito ndi ya madzulo aliwonse. Sambitsani mapazi ndi madzi ofunda pang'ono, pukutani bwino mpaka pakati pa zala, pakani Vaseline ku zidendene koma osati pakati pa zala. Kunsi muziyang'ana ndi kagalasi, kapena mapasa aja akuyang'anireni, apatseni ntchito. Zikhadabo muziwenga mowongoka, lezala pa zikang'a ayi. Musanavale nsapato gwedezani ndi kupisamo dzanja. Ndipo patapata pa msika wa Kapata, pamene pali misomali ya mabenchi, mawaya ndi mafuta owira a vitumbuwa, ndakana.

Amake Mapasa (Kapata) 16:20
Nsapato zotseka ndili nazo za kutchalitchi zokha, ndipo zimandithina.

Mayi wa Chigwirizano 16:29
Zothina ayi asisi. Tipite limodzi pa salaula Loweruka, ndikudziwa mayi wina amatsegula belo ya makanivasi. Tipite madzulo, mapazi amakhala atatupako, ndiye saizi yake imakhala yoona. Ndipo madzi otentha aja ndasiya, aphunzitsi asandinenenso.

Wakabaza wa pa Saturday Market 17:12
Chomangira dzanjacho mwachipeza? Ndinaona mu pharmacy ina mtauni koma mtengo wake ndi wa matumba awiri a makala.

Amake Mapasa (Kapata) 17:30
Ndinachiona nanenso ndinangobwerera pakhomo. A ku physio anandionetsa mmene chimakhalira, dzanja lingokhala mowongoka, osamanga kwambiri. Bambo a mapasa asema kathabwa kopepuka, takakulunga ndi thonje ndi chitenje chakale, tamanga ndi bandeji. Ndikuoneka ngati ndagwa pa njinga. Ndipita nacho akachione ngati chili bwino. Ufa akanda ndi mtsikana wanga wamkulu masabata amenewa, ngakhale vitumbuwa vyake vimatuluka ngati miyala.

Mlamu wa ku Kasama 17:34
Tumizani miyalayo kuno, tikumanga chimbudzi.

Mlonda wa Usiku, Lolemba 02:51
Ndayang'ana pa gulu, Amake Mapasa sakuoneka. Usiku wachitatu uno. Ine ndili ndekha ndi agalu a bwana, mbaula ili uko ku ngodya, masokosi awiri.

Amake Mapasa (Kapata) 05:47
Ndinagona abambo. Lamanzere lasiyiratu, lamanja linandidzutsa kamodzi cha m'ma 4. Inu munapita kukawauza za ntchito ya usiku ija?

Mlonda wa Usiku 05:58
Ndikuweruka 6 koloko, ndilunjika komweko. Jombo ndivulira pa khomo.